Ana Makumi Awiri ndi Atatu a M'nyumba Nambala 14

Mwana wanga Kanyerere anayamba kutsegula m'mimba Lachiwiri m'mawa, ndisanavundukule n'komwe makina osokera. Kanali kachitatu m'miyezi inayi. Pofika masana maso ake anali atalowa m'kati, ndipo ndikamutsina khungu la pamimba silinkabwerera msanga. Zizindikiro zimenezo ndinkazidziwa bwino. Ndinali nditaziona chaka ndi theka m'mbuyomo pa mchimwene wake, mwana wanga woyamba, amene tinkamutchula kuti Injiniya chifukwa sankatha kuona wailesi osaimasula. Iye anadwala Lachisanu, Lolemba tinamuika m'manda.

Ine ndine telala. Ndimasokera pakhonde la nyumba yathu kuchigwa, kumene nyumba zinapanikizana moti ukayetsemula, woyandikana naye ndiye amapukuta mphuno. Madzi tinkatunga pazitsime zokumba pamanja, ndipo zimbudzi zinali chakumtunda kwa zitsimezo. Makala akakhalapo ndinkawiritsa madzi akumwa. Koma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sungamumangirire ku mwendo wa makina. Ludzu likamugwira kosewera, amamwa paliponse.

Ndinamubereka kumbuyo ngati khanda mpaka kuchipatala. Namwino anamuika diripi, kenako anatsegula kaundula wamkulu wa odwala.

"Mumakhala kuti, mayi?"

"Nambala 14, msewu wa kumtunda," ndinayankha osaphethira.

Linali bodza, ndipo bodzalo linali ndi mbiri yake. Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo tinkakhala m'mphepete mwa njanji. Kunabwera anthu a mapepala, aulemu ndithu, akufunsa mayina ndi chiwerengero cha anthu panyumba. Patapita miyezi iwiri makoma athu anapakidwa mitanda yofiira, ndipo mwezi wotsatira katapila anagwetsa mzere wonse. Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti pepala la boma silidzadziwanso kumene ndimagona. Nambala 14 ndi kwa alamu anga, akulu awo a amuna anga, amene anapuma ntchito ya uphunzitsi. Ndi nyumba ya njerwa zowotcha, yokhala ndi mpopi wakewake.

Ndipo nzeru imeneyi sindinaisunge ndekha. Pakhonde la telala ndi pamene nkhani zimagona. Mayi aliyense wobwera kudzayezetsa diresi ndinkamunong'oneza kuti, "Kuchipatala musamanene zakuchigwa. Muzingoti nambala 14." Ndinkadziona ngati mpulumutsi wa dera lonse.

Kanyerere anatuluka Lachisanu. Namwino anandiitanira pambali.

"Mwanayu thupi latha mphamvu. Mvula ikubwera, ndipo matendawa mukudziwa mmene amachitira nthawi ya mvula. Akadwalanso chonchi, sindikudziwa ngati tidzam'bweze."

Ndinabwerera kunyumba mawu amenewo akundilemera kuposa mwana amene ndinabereka.

Lolemba lotsatira ndinaona alamu akutsetsereka kanjira kathu, atanyamula ambulera ngati ndodo. Alamu satsikira kuchigwa popanda maliro. Pambuyo pawo panali mayi wina wamng'ono thupi, nsapato zake zili mbuu ndi fumbi, chikwama chachikulu paphewa. Munthu wa mapepala ndimamudziwa ngakhale atavala chiguduli.

"Mlamu," anatero alamu asanakhale n'komwe pansi, "ndabwera kuti mundionetse ana anga."

"Ana ati, alamu?"

"Makumi awiri ndi atatu. Mayiwa akuti m'zaka zinayi, m'nyumba mwanga mwadwala ana makumi awiri ndi atatu, ndipo atatu anamwalira. Ine ndi akazi anga tili awiriwiri ndi mphaka. Mwana wathu wotsiriza ali ndi ndevu."

Tsiku lina ndikanaseka. Tsiku limenelo ndinangogwira sizasi mwamphamvu.

Mayi uja anapempha mpando, n'kunena kuti amagwira ntchito mu ofesi ya boma younika ziwerengero za umoyo. Kuchigwa anadzam'patsa dzina loti Mayi Mapu, ndipo nanenso ndizimutchula choncho.

"Sindinabwere kudzagwira munthu," anatero. "Ndabwera chifukwa masamu athu akukana."

"Masamu anu akukana, ndiye mwabwera kwa telala?"

"Eya. Ndiloleni ndikuonetseni."

Anayala pepala lalikulu pathebulo langa lodulira nsalu. Anali mapu a dera lonse. Anandilozera chipatala, njanji, msika ndi msewu wa kumtunda. Pamsewu umenewo panali timadontho tofiira tambirimbiri, ndipo pamalo amodzi tinaunjikana ngati nyerere pa shuga. Kuchigwa kunali mbee, koyera.

"Kadontho kalikonse ndi mwana amene anabwera kuchipatala ndi matenda otsegula m'mimba," anatero Mayi Mapu. "Boma silingakonze madzi paliponse nthawi imodzi. Ndiye lisanasankhe koyambira, limatifunsa ife kuti vuto lakula kuti. Timatenga kaundula wa chipatala, timawerenga odwala, timaika aliyense pamene amakhala, kenako timalemba lipoti. Akuluakulu amasankha poona lipotilo."

"Ndiye?"

"Ndiye zaka zitatu zapitazo lipoti linati matenda ali kumtunda. Boma linakumba msewu wonse uja, n'kuchotsa mapaipi akale, n'kuika atsopano."

Ndinakumbukira. Tinkadutsa m'maenjewo popita kumsika tikutukwana. Tinkati boma limathira mchere m'nyanja, kupatsa madzi anthu amene ali nawo kale. Ine ndinkatukwana kuposa onse.

"Ntchito ikatha timabweranso kudzaona ngati yathandiza," anapitiriza. "Chaka chino tawerenganso. Odwala sanachepe ngakhale pang'ono. Tayeza madzi a m'mipopi ya kumtunda, ndi abwino. Ndiye ndinayamba kutsata kadontho kalikonse khomo ndi khomo, mpaka ndinafika pa nambala 14."

Alamu anatsokomola, n'kuyang'ana kudenga.

Ndinayang'ana mulu wa timadontho uja. Kamodzi mwa ito kanali Injiniya. Mwana wanga analembedwa kuti anafera m'nyumba imene sanagonemo ngakhale tsiku limodzi. Komabe ndinafunsa, chifukwa ine funso likafika pakhosi silibwerera.

"Tikananena zoona, mapaipi aja akanabwera kuno?"

Mayi Mapu analoza kuchigwa pamapu paja.

"Ndikuganiza kuti akanabwera."

"Ntchito ya kumtunda inatha liti?"

Anatchula mwezi. Ndinawerenga ndi zala pansi pa thebulo. Inatha miyezi isanu ndi itatu Injiniya asanadwale.

Sindinalire mokuwa. Ndinangokhala pansi pasimenti pakati pa zidutswa za nsalu. Kwa chaka ndi theka ndinali nditaimba mlandu chitsime, boma, mvula, ngakhale Mulungu. Sindinaganizepo zoti pakamwa panga panali ndi gawo.

"Mayi," anatero Mayi Mapu atagwada pafupi nane, "palibe amene anganene motsimikiza kuti mwana wanu akanakhala moyo. Komanso cholakwa si chanu chokha. Ife tinakhulupirira kaundula tili mu ofesi, osabwera kudzaona ndi maso. Kuwerenga kosatsimikiza ndi kulakwa kwathu, ndipo ndidzalemba zimenezo mu lipoti. Koma pakatha masabata asanu ndi limodzi komiti ikhalanso pansi kusankha dera lotsatira. Mapu akapita ali chonchi, kuchigwa sikutchulidwanso."

Amuna anga amawotcherera zitsulo kumsika. Atabwera madzulo dzuwa lisanalowe, ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera akuchotsa nsapato, kenako anapukusa mutu.

"Amayi, mwaiwala msanga. Aja a kunjanji nawonso anabwera akumwetulira."

"Sindinaiwale, abambo."

"Mukawauza kuti kuno kuli anthu ochuluka chonchi, mawa katapila ali pakhomo. Tikagona kuti? Mwana wodwalayu mukamugoneka pamsewu?"

"Nanga akamwalira tikamugoneka kuti?"

Anatuluka n'kukakhala kuseri kwa nyumba. Ndinawamvera chisoni, chifukwa mantha awo sanali opusa. Nyumba ya kunjanji anaimanga ndi manja awo, ndipo anaiona ikugwa atanyamula chitseko chokha.

M'mawa mwake Mayi Mapu anabweranso, ndipo amuna anga anamufunsa maso ndi maso ngati angalumbire kuti nyumba zathu sizigwetsedwa.

"Sindingalumbire, bambo," anayankha. "Za malo zili m'manja mwa ofesi ina, ndipo ndikanama ndikati ndili ndi mphamvu pa iwo. Chimene ndingakuonetseni ndi fomu yanga. Onani, palibe pofuna dzina, palibe pofuna nambala ya nyumba. Pali dera, msinkhu wa mwana, tsiku limene anadwala, ndi chitsime chimene banja limatungapo. Mipopi nayonso sindingakulonjezeni. Ndikulonjeza kuti zoona zanu zikafika pathebulo pamene amasankhira."

"Ndipo tikakhala chete?"

"Mukakhala chete, pamapepala kuno kulibe ana, kulibe matenda, kulibe anthu. Malo otero palibe amawakonzera kanthu."

Amuna anga anaitembenuza fomu ija kawiri, n'kuibweza. Popita kuntchito anangoti, "Chitani zimene mukuona, amayi."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinayamba ndi ine mwini. Ndinatenga kabuku ka kuchipatala ka Kanyerere, ndi ka Injiniya kamene ndinkasunga pansi pa sutikesi, n'kupita kwa namwino. Ndinamuuza kuti ndakhala ndikunama zaka zonsezi. Namwino anatenga rula, n'kudula mzere pa nambala 14, n'kulemba pamwamba pake kuti kuchigwa, chitsime cha pafupi ndi mlatho.

Chovuta chinali kumasula zimene ndinasoka mwa anzanga. Kusoka n'kosavuta, koma kumasula ulusi umodziumodzi osang'amba nsalu ndiye ntchito. Ndinayenda khomo ndi khomo. Ena ananditsekera zitseko. Mayi wina anabwera kudzalanda nsalu yake ndili pakati poidula, akuti sangasoketse kwa kazitape. Amene anandipweteka kwambiri ndi mayi a mapasa, mnzanga wa pakhomo loyandikana, amene tinkabwerekana chilichonse mpaka singano.

"Si inu munatiphunzitsa nambala 14?" anandifunsa ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Ndine."

"Ndiye lero mwadya chiyani kwa anthu a boma?"

"Sindinadye kanthu, anzanga. Ndinalakwitsa, ndipo ndabwera kudzakonza."

"Kakonzeni kwanu. Ana anga musawalembetse."

Pakutha pa masabata atatu, mabanja asanu ndi anayi okha ndi amene anavomera. Mayi Mapu anati n'zochepa. Komiti ikanatha kunena kuti ndi mabanja ochepa chabe osokonezeka maadiresi. Iye sanakhale pansi kudikira. Tsiku lililonse ankabwera ndi timabotolo, kutunga madzi pazitsime zonse zisanu, kulemba nambala pa botolo lililonse n'kutumiza kokayeza. Anayeza ndi tepi mtunda wochoka pachitsime kufika pachimbudzi. Anawerenga zidebe zimene zinkatungidwa pachitsime chilichonse kuyambira m'mawa mpaka masana. Ine ndinkaona ngati akuchedwa ndi zinthu zopanda pake, ndipo ndinamuuza.

"Mwana wanga akudikira mvula ngati mbuzi yodikira mpeni, inu muli kalikiliki kuwerenga zidebe."

"Ulendo watha tinathamanga," anatero, "ndipo tinakumba msewu wolakwika."

Sabata lachinayi kunagwa mvula yoyamba, ya tsiku limodzi lokha. Madzi anasefukira m'tinjira, n'kutsikira kuzitsime. Patapita masiku atatu, mmodzi mwa mapasa aja, wamkazi, anayamba kutsegula m'mimba. Anali ndi zaka zitatu. Sanafike Lamulungu.

Pamaliro ndinakhala kumbuyo, chifukwa sindinadziwe ngati akundifuna. Kanyerere ndinam'tsekera m'nyumba ndi botolo la madzi owiritsa, ndipo ndinamuopseza kuti akamwa kwina ndimusenda khungu. Mwana anandiyang'ana ndi mantha. Ndinadzida, koma mantha anga anali aakulu kuposa ake.

Patapita masiku awiri, ndikusoka, ndinaona chithunzithunzi pansalu. Anali mayi a mapasa, atavala mpango wakuda, wotsala uja ali kumbuyo. Anaika timabuku tiwiri pa makina.

"Kuchipatala ndinanenanso nambala 14," anatero ndi mawu otsika. "Mwana akupuma movutika, ine n'kumanena nambala 14. Ndiperekezeni ndikasinthe."

Tinapita limodzi. Mawa lake anabwera amayi ena anayi, mkuja asanu ndi mmodzi. Zinadziwika kuti nambala 14 sinali yokha. Ena ankatchula nyumba za mabwana awo kumene amachapa, ena tchalitchi cha kumtunda, wina mpaka sitolo ya matayala. Namwino anachita kutipatsa tsiku lathulathu, ndipo rula wake anagwira ntchito mpaka inki inatha m'cholembera.

Lipoti lisanapite, Mayi Mapu anatiitana tonse m'kalasi ya pasukulu kuti timve zimene walemba, ndi kutsutsa ngati walakwitsa. Anapachika mapu awiri pabolodi, akale ndi atsopano. Pa atsopanowo kumtunda kunatsala timadontho towerengeka. Kuchigwa kunali psuu, makamaka mozungulira zitsime ziwiri, cha pamlatho ndi cha kuseri kwa chigayo. Aliyense ankafunafuna kadontho kake.

Anatifotokozera njira zitatu zimene anaika mu lipoti. Yoyamba inali kuthira mankhwala m'zitsime zonse, yachangu koma yosakhalitsa, chifukwa mvula iliyonse imabweretsanso zonyansa. Yachiwiri inali kukumba mijigo yakuya, koma oyeza nthaka anapeza kuti madzi a pansi pa chigwa ndi oipa mpaka patali. Yachitatu inali kukoka mapaipi kuchokera kumtunda n'kumanga malo anayi otungira madzi. Imeneyi inali yochedwa, koma ndi imene ikanateteza ana ambiri kwa zaka zambiri. Pa njira iliyonse analemba ubwino wake, kuipa kwake, ndi nthawi imene ingatenge.

Amuna anga, amene anaima kumbuyo ndi ovolosi yawo yakuda, anakweza dzanja.

"Mapaipiwo akamachedwa, mvula ya chaka chino ana amwa chiyani?"

Mayi Mapu analemba funsolo, ndipo linalowa mu lipoti mmene analifunsira.

Komiti inakhala pansi ife kulibe. Tinamva kuti panali mkangano, chifukwa madera ena awiri ankafunanso madzi, ndipo limodzi linali ndi anthu odziwa kulankhula. Koma madera onse atatu anawaika pa muyezo umodzi: ana odwala pa ana zana alionse, zotsatira za madzi oyezedwa, ndi chiwerengero cha mabanja amene angathandizike. Kuchigwa kunaposa onse, ulemu umene palibe angausirire. Anagamula kuti zitsime ziwiri zija zitsekedwe sabata lomwelo, galimoto ya thanki izibweretsa madzi mpaka mvula itatha, ndipo mapaipi ayambe kukumbidwa nthaka ikauma. Anasinthanso kalembedwe ka kuchipatala. Tsopano namwino amafunsa dera ndi kumene banja limatunga madzi, ndipo chaka chilichonse wina amatuluka mu ofesi kukatsimikiza zolembedwazo.

Sindinganame kuti zonse zinayenda myaa. Galimoto ya thanki inkadumpha masiku, ndipo pamzere tinkakangana mpaka kugwetserana zidebe. Kukumba kunachedwa miyezi iwiri. Mantha a katapila sanathe, ndipo mpaka lero amuna anga akamva injini yolemera amatuluka panja kukaona. Koma palibe khoma linapakidwa mtanda. Mvula inagwa, inatha, ndipo Kanyerere sanagone pa diripi. Chaka chotsatira madzi anatuluka pampopi, kutsogolo kwa chigayo. Tsiku limenelo anthu anavina. Ine ndi mayi a mapasa tinangotunga zidebe zathu n'kubwerera kunyumba.

Patatha chaka china Mayi Mapu anabwera kudzawerenganso, monga ananenera kuti amachita. Pa ana khumi amene ankadwala kale, tsopano ankadwala awiri. Anati awiriwonso akufuna kudziwa chifukwa chake, ndipo anayamba kufunsa za ngalande ndi zimbudzi. Ulendo uno palibe anamutsekera chitseko.

Ndiye inu amene mukuwerenga, ndimvereni ine amene ndinaphunzira mochedwa. Boma likafuna kusankha kumene liike madzi, sukulu kapena chipatala, limadalira zimene zalembedwa, zawerengedwa ndi kufananizidwa. Zolembedwazo zimachokera pakamwa pathu. Wakafukufuku akafika, muli ndi ufulu womufunsa kuti ndi ndani, zimene akulemba zipita kuti, ndipo zikagwira ntchito yanji. Mufunseni ndithu, mupemphenso kuti adzakuuzeni zotsatira. Koma akakuyankhani, muuzeni zoona. Nawonso a boma asamakhutire ndi kaundula ali mu ofesi, azifika kumene kuli anthu. Chiwerengero chabodza chimatumiza thandizo kumene silikufunika, ndipo amene amalipira ndi ana.

Kanyerere tsopano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo amadya ngati wolima. Sabata latha ndinamusokera yunifolomu yatsopano. Poyeza anadandaula kuti mpendero ndapinda waukulu kwambiri, ukumulemera m'maondo. Ndinamuuza kuti asiye phokoso, tidzaumasula chaka chamawa ndi chaka chinacho, chifukwa akula.